Mkamwini wagawa minda

Bawo sindilitha, ndipo mavuto onse anayambira pamenepo. Kwathu kwenikweni ndi ku Lunzu, koma ndinakwatira ku Matandani, kumapiri a ku Neno, ndipo monga mwa mwambo wa eni ake ndinamanga kuchikamwini. Mkamwini amayesedwa ndi zambiri: kagwiridwe ka khasu, kamangidwe ka nkhokwe, kaperekedwe ka moni. Zonsezo ndinayesetsa ndithu. Koma panali mayeso ena a Lamulungu masana, pansi pa mtengo wa mango wa atsibweni a akazi anga, omwe ankhoswe sanandichenjeze.

Thabwa lake looneka losalakwa: mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64 zogawana pakati. Atsibweni amati akangoyang'ana kamodzi, adziwiratu kuti akayambira dzenje ili dzanja likathera kuti, lidya zingati, litembenukira mbali iti. Ine ndimatakata mwachikhulupiriro. Ndimanyamula nkhomo, n'kumagwetsa imodziimodzi, mtima uli m'mwamba, mpaka yomaliza igwere m'dzenje lopanda kanthu. Pamenepo atsibweni amakweza mutu n'kufunsa mwaulemu wopweteka kuti, "Akamwini, mwagonanso?" Ana asukulu omwe amaunjikana kumbuyo kwathu anafika pondiuza poti ndisewere ndisanafunse n'komwe.

Ndiye mwezi wa June, kuzizira kwa ku Matandani kutagwira mafupa, alamu anga anabwera kuchokera ku Joni. M'chikwama chawo, pansi pa mabulangete ndi sopo, munali chibokosi chofiira cholembedwa kuti Catan. Anati abwana awo a ku Randburg ankafuna kuchitaya chifukwa ana anakula. Iwo anachitenga poganiza kuti bokosilo n'labwino kusungiramo zikalata.

Ine ndinalitsegula, ndipo mutu unandiyenda. Munali tizidutswa ta katoni 19 ta makona asanu ndi limodzi, kena kojambulidwa nkhalango, kena busa la nkhosa, kena munda wa tirigu, kena dothi la njerwa, kena phiri la miyala ya mgodi. Munalinso tinyumba tamatabwa, timitengo toyimira misewu, makadi, madayisi awiri, ndi kachidole kamodzi kotuwa kopanda nkhope. Ndinaona mwayi wanga. Awa anali masewera omwe m'mudzi monse palibe ankawadziwa. Ndikaphunzira malamulo ake ndekha, atsibweni adzakhala mwana wa sukulu, ine mphunzitsi. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndinayamba kukwera kachitunda komwe netiweki imagwira, n'kumatha mabandulo pa YouTube. Akazi anga ankaganiza kuti ndikufunafuna ntchito. Zomwe ndinapeza zinandidabwitsa, chifukwa ine ndinkayesa kuti masewera a pathebulo a azungu anathera pa Ludo, njoka ndi makwerero, drafuti ndi chess. Ndiponso Ludoyo ndi njokazo si za azungu kwenikweni, mizu yake ili ku India. Kumene kuja kunja kuli chigulu cha anthu omwe ntchito yawo n'kupeka masewera atsopano, ndipo dzina la wopekayo limalembedwa pa bokosi monga mmene mlembi amalembedwera pa buku. Catan anaipeka ndi Mjeremani wina dzina lake Klaus Teuber, yemwe ntchito yake inali yopanga mano oyikirira. Inatuluka mu 1995 ndipo chaka chomwecho inapata mphoto ya Spiel des Jahres, yomwe ku Germany amapereka kwa masewera opambana a chaka kuyambira mu 1979. Mabokosi ake agulidwa opitirira 30 miliyoni, m'zilankhulo zoposa 40. Mumzinda wa Essen mumachitika chionetsero chaka ndi chaka, nthawi zambiri mu October, komwe anthu pafupifupi 200,000 amapita kukangoyesa masewera atsopano. Akuluakulu andevu zawo, ena odzalipirira ndege.

Ndipo masewerawo ndi amitundumitundu. Ku Carcassonne, ya mu 2000, bolodi kulibe poyamba, osewera amalimanga okha kachidutswa ndi kachidutswa. Ku Ticket to Ride, ya mu 2004, mumalimbirana kuyala njanji pakati pa mizinda. Pandemic, yomwe Matt Leacock anatulutsa mu 2008, ndiye yodabwitsa: palibe wolimbana ndi mnzake, nonse mumagwirizana kuthana ndi matenda anayi, ndipo mukaluza mumaluzira limodzi. Mayi wina wa ku America, Elizabeth Hargrave, anapeka Wingspan mu 2019, masewera a makadi 170 a mbalame, aliyense kukopa mbalame kuti zidzaikire mazira kwake. Chomwe ndinaona kuti opeka amakonowa amapewa n'choti munthu atuluke msanga n'kumangoonerera anzake, zija zimachitika ku Monopoly ukashota ndalama. Amafuna aliyense akhale ndi chochita mpaka pamapeto, ndipo ku Catan chochitacho n'kutsatsana malonda. Uli ndi nkhosa zambiri koma ulibe njerwa, ndiye uyenera kunyengerera mnzako musinthane. Apo ndinamwetulira. Ine ndinagulitsapo kaunjika pa Lunzu. Pakamwa ndiye ndili napo.

Chinandidetsa nkhawa chinali chimodzi. Ndinaganiza kuti atsibweni sadzamva za chilumba chongopeka cha azungu. Ndiye nzeru zinandibwerera usiku, nthawi yomwe nzeru zoipa zimakonda kubwera. Ndinatenga timapepala ndi selotepi, n'kumata dzina pa kachidutswa kalikonse. Ndipo sindinapeke maina. Ndinalemba malo enieni a banja, kuti aliyense amve msanga. Nkhalango inakhala "bulugamu wa atsibweni". Tirigu anakhala tirigu ndithu, pakuti kumtunda kwa Neno amalimidwa, koma ndinawonjezera mbatatesi, n'kulemba kuti "munda wa kuphiri". Nkhosa ndinazisandutsa mbuzi. Kachidutswa kena ndinalemba "manachesi a mayi aang'ono", kena "dimba la kumtsinje". Pa Catan pali kachidutswa kamodzi ka chipululu, kosabala kanthu. Pamenepo ndinalemba "munda wa alamu", poti chipitireni ku Joni munangomera tsekera. Ndinaseka ndekha mpaka akazi anga anatembenuka pamphasa.

Tsiku losewera linayenera kusankhidwa mosamala. Matandani ndi malo a Sabata. Mishoni ya Adventist inakhazikika kuno mu 1908, patangopita zaka zochepa chiyambireni ya ku Malamulo mu 1902, ndipo dzuwa likalowa Lachisanu mudzi wathu umakhala zii mpaka litalowanso Loweruka. Ndinadikira nyenyezi za Loweruka madzulo, titatseka Sabata, n'kuyala bolodi pathebulo la pabalaza, nyale ya sola ili pakati.

Apongozi anga aakazi sakhala chipinda chimodzi ndi ine, ndipo sitiyang'anana m'maso. Koma makutu awo ndi akuthwa. Atangomva madayisi akugubuduka pathebulo, mawu anatuluka kuseri kwa chitseko, olunjika kwa mwana wawo ngakhale mwini nkhani ndinali ine.

"Tawafunsa bambo akowo, zikulirazo si za njuga?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ayi mayi, palibe ndalama, ndi masewera ophunzitsa ulimi ndi malonda. Anati iwo anawerenga m'mabuku a Mayi Ellen White kuti makadi, drafuti ndi chess sizivomerezeka. Zimenezo n'zoona, zinalembedwadi, ndipo ndinasowa poyankha. Anandipulumutsa ndi atsibweni, omwe anatsokomola n'kunena kuti m'mabukumo bawo salitchula, ndipo ichi chikuoneka ngati bawo la azungu. Kuseri kwa chitseko kunangomveka kuti "kaya".

Tinakhala anayi: ine, atsibweni, alamu, ndi achemwali aakulu a akazi anga. Akazi anga anasunga banki ya makadi. Pawindo panadzaza mitu ya ana. Ndinafotokoza malamulo ndi mawu a mphunzitsi wamkulu: msewu umafuna thabwa ndi njerwa, nyumba imafuna thabwa, njerwa, mbuzi ndi tirigu, nyumba iliyonse ndi pointi imodzi, mzinda ndi ziwiri, woyamba kufika pa 10 wapambana. Madayisi akagwa nambala yomwe ili pa munda womwe wamangapo, umakolola.

Alamu anaona dzina lawo pa chipululu ndipo sanaseke. Apo mpomwe ndikadadzuka n'kumatula timapepala tonse.

Poyamba zinkayenda bwino, mwinanso mopitirira. Nditatchula kuti woyala msewu wautali kuposa onse, wa timitengo tosachepera tisanu, amapata mapointi awiri, onse atatu anasiya kumanga nyumba n'kuthamangira misewu. Munthu wa ku Neno usamusewere pa nkhani ya msewu. Boma lino linadzipatula ku Mwanza mu 2003, koma mpaka lero aliyense ali ndi nkhani yake ya galimoto yotitimira m'matope nthawi ya dzinja, kapena ya mbatatesi zowolera m'matumba podikira lole. Achemwali anayala msewu wokhotakhota wosapita kulikonse, n'kunena kuti bola uwu watha.

Ine ndinali ndi pulani ya pa YouTube. Kupatula 7, nambala 6 ndi 8 n'zomwe zimagwa kawirikawiri, n'chifukwa chake amazilemba mofiira. Nambala 8 inali pa dimba la kumtsinje. Ndinafuna kumangapo nyumba, koma njerwa ndinalibe. Atsibweni anali nazo. Ndiye ndinanena mokweza, mwaluso lonse la pa Lunzu, kuti: "Atsibweni, ndikupatsani mbuzi ziwiri, mundithandize ndimange pa dimba la kumtsinje."

Atsibweni anati ziwiri zachepa. Ndinawonjezera tirigu. Tinagwirana chanza, monga ndinawaphunzitsira kuti malonda akatheka tizitero. Ndinaika kanyumba kanga kabuluu pakona pa dimba. Akazi anga anandiponda phazi pansi pa thebulo, ine n'kumayesa kuti akundiyamikira.

Kenako ndinagwetsa 7. Pa Catan, 7 ikagwa palibe wokolola. Wogwetsayo amanyamula kachidole kotuwa kaja, wakuba, n'kukaika pa munda wa mnzake kuti usabale, n'kumulanda khadi limodzi. Ndinafotokoza zimenezi mosangalala, n'kukweza kachidoleko m'mwamba kuti onse aone, n'kukakhazika pa manachesi a mayi aang'ono. Ndinanenanso, Mulungu andikhululukire, kuti "apa sipakololedwa kanthu". Mitu ya pawindo inachepa ndi umodzi. Sindinalabadire. Usiku umenewo ndinapambana, koyamba chikwatirire ku Matandani, ndipo ndinagona tulo tabwino.

Chomwe sindinkadziwa bwino, ngakhale akazi anga akuti anandiuzapo ndili pa foni, n'choti dimba la kumtsinje linali ndi mlandu wogona. Agogo a akazi anga anamwalira osanena kuti likhale la mbumba ya mwana uti. Apongozi anga ndi mayi aang'ono anangosiya kulitchula, ndipo akazi anga ankalimamo mpiru ndi tomato mwakachetechete, nthawi zina n'kutumiza dengu kwa mayi aang'onowo kuti mtima ukhale pansi. Woyenera kuweruza nkhani yotere ndi mwinimbumba. Mwinimbumbayo ndi atsibweni. Ndipo mwana yemwe anachoka pawindo anali mdzukulu wa mayi aang'ono.

Mwanayo sananame ngakhale liwu limodzi. Anakanena kuti akamwini ajambula mapu a minda yonse, alemba maina, apereka mbuzi ziwiri ndi tirigu kwa atsibweni, agwirana chanza, ndipo amanga nyumba pa dimba. Anawonjezera kuti aika chidole pa manachesi n'kunena kuti sipakololedwa kanthu.

Tsoka sasimba. June ndi nyengo ya manachesi, mavenda amakhala akuzungulira ndi matumba opita nawo ku Mwanza ndi pa Zalewa, ndipo anyamata osagona amadziwa mitengo yakupsa. Usiku womwewo mitengo iwiri ya mayi aang'ono inapululidwa.

Pofika Lamulungu masana nkhani inali itamera miyendo. Pachigayo ankati mbuzi zinali zisanu. Pamjigo ankati mapuwo achokera ku Joni ndipo alamu abwera ndi mzungu wofuna kugula malo. Anthu anamvapo pa wailesi za lamulo la malo a makolo la mu 2016, loti munda ukhoza kulembetsedwa m'dzina la munthu, choncho mawu oti mapu sachita kuwabwereza kawiri. Za chidole ndiye sindinena. Amayi ena anakokera mwana wawo kumbali nditadutsa. Madzulo kunabwera mnyamata wa kwa amfumu, chipewa chili m'manja, kudzanena kuti ndikaonekere mawa m'mawa pamodzi ndi katundu yense.

Sindinaonepo bwalo lodzaza chotero pa mlandu wopanda chigololo. Ndinakhala pansi, bokosi lofiira lili pamiyendo. Mayi aang'ono analankhula nthawi yaitali, ndipo mbiri ya dimba anaiyambira pa chaka cha njala ya 1949. Atsibweni atafunsidwa ngati analandiradi mbuzi, anayankha kuti, "Ndinalandira, mfumu, ziwiri." Bwalo linachita phokoso. Iwo anadikira kuti lithe, pakuti ndi munthu wokonda kuona mnzake akutuluka thukuta, kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa timakadi tiwiri tojambulidwa nkhosa. Anali atatitenga dala usiku uja.

Ena anaseka, koma amfumu sanaseke. Anati ndiyale mapuwo. Ndinayala pa mphasa, manja akunjenjemera, ndipo maina onse anali pomwepo m'zilembo zanga zokongola. Nduna ina inawerenga mokweza limodzi ndi limodzi. Itafika pa "munda wa alamu" inafunsa chifukwa chake pamenepo pali mchenga wokhawokha, ndipo alamu anayang'ana kumwamba.

"Akamwini," anatero amfumu, "mukuti ndi masewera. Tasewerani tione."

Ndiye ndinaphunzitsa Catan pabwalo la milandu. Ndinafotokoza za Klaus Teuber ndi mano ake oyikirira, zomwe sizinandithandize. Ndinafotokoza za wakuba, kuti ndi kamtengo chabe, ndipo nduna inakanunkhiza isanakabweze. Amfumu anafunsa mafunso anzeru kuposa onse omwe ndinawaphunzitsapo. Atamva lamulo loti nyumba siimangidwa moyandikana ndi ya mnzako, pamayenera kutsala mpata, anagwedeza mutu n'kunena kuti Mjeremaniyo akadakhala nduna yabwino. Anafunsanso kuti pachilumbapo eni ake oyamba anapita kuti, poti aliyense akungofika n'kumanga. Pa YouTube sananene zimenezo, ndipo ndinangoti kunalibe anthu. Anati azungu amatero nthawi zonse.

Chigamulo chinali chachifupi. Za ufiti anazikana, ndipo anati wakuba manachesi afunidwe pakati pa anthu a miyendo iwiri. Za mbuzi anati palibe mlandu. Koma anati mkamwini kulemba maina a minda ya eni ake, ngakhale pa katoni, n'kukula mtima, ndipo ndilipire nkhuku kubwalo ndi ina kwa mayi aang'ono. Timapepala ndinamatula pomwepo anthu akuona. Ndinayesa kuti zatha, ndipo ndinayamba kutseka bokosi.

Amfumu anakweza dzanja. Anati popeza nkhani ya dimba yadzuka yokha, siingagonenso, ndipo atsibweni aikambe ndi alongo awo sabata isanathe. Anaikambadi. Dimba linadulidwa pakati, ndipo mbali ya kumadzi, komwe tomato amachita bwino, inapita kwa mayi aang'ono. Akazi anga sanandikalipire. Anangondipatsa ndowa ziwiri n'kundisonyeza mtunda womwe madzi ayenera kuyenda tsopano kuti afike pa mbali yathu. Ndimatunga ine, m'mawa uliwonse kupatula Sabata. Apongozi, kuseri kwa chitseko, anangouza mwana wawo kuti Mayi White anali ndi chifukwa.

Bokosi silinabwerere kwanga. Atsibweni anati alisunga kuti lisadzetsenso mavuto, ndipo Lamulungu lotsatira ndinalipeza litayalidwa pansi pa mango, pambali pa bawo. Munthu yemwe amawerenga nkhomo 64 m'mutu sangavutike ndi madayisi awiri. Za 6 ndi 8 anazitulukira okha, ndipo anapezanso zomwe ine ndinalumpha powerenga: kuti ukakhala ndi makadi oposa 7 pamene 7 yagwa umataya theka, komanso kuti womanga padoko amasinthanitsa katundu motchipa kuposa wa kubanki, yemwe amapereka anayi kuti alandire limodzi. Pa malonda ndiye ndi chilombo. Amakhala chete mpaka uvutike, kenako amakugulitsa njerwa imodzi pa mtengo wa makadi atatu, iwe n'kuthokoza. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ndi mlimi wa mbatatesi wa ku Dambe amabwera kudzasewera nawo, ndipo awonjezera lamulo lawolawo loti wakuba akagwidwa kawiri pa munda umodzi, womutumayo alipe. Ana asukulu ajambula bolodi lawo pa katoni ya sopo, nyumba zake zitsekerero za mabotolo. Minda yawo ilibe maina. Ine pamasewera a akuluakulu anandipatsa udindo wosunga banki, ati chifukwa ndimawerenga Chingerezi.

Alamu atabwerera ku Joni anaimba foni kuti abwana aja ali ndi mabokosi ena m'galaja, ndisankhe. Anatchula Ticket to Ride. Ndinakumbukira njanji ya malasha yochokera ku Moatize, yomwe inadutsa m'boma lathu lino popita ku Nkaya, ndi mmene nkhani za chipukuta misozi cha minda zimatenthera mpaka lero anthu akazikumbuka. Ndinati ayi, alamu, imeneyo isiyeni konko. Pandemic ndinaikananso, sindingayale matenda pathebulo m'nyumba ya apongozi n'kumatchula mizinda yoti agwere. Ndinapempha ya mbalame ija, poti mbalame zake ndi za ku America ndipo palibe wa ku Matandani angati n'zake.

Nditawauza atsibweni, anafunsa ngati m'makadimo muli nkhanga. Ndinati sindikukhulupirira. Anati ngati mulibe tidzajambula, chifukwa pali nkhanga zawo zitatu zomwe zinalowa m'khola la a neba chaka chatha, ndipo akhala akusowa poyambira.